Mlamba Wopanda Mchere

Lolemba, 6 Meyi 2024

Kuzizira kwayamba. Nkhungu m'phiri mpaka 8 koloko, ana kulowa m'kalasi manja ali m'khwapa. Amayi lero masipuni awiri a phala, basi. Pa yachitatu anatseka pakamwa n'kutembenukira kukhoma.

Kope ili ndinagulira zokonzekera kuphunzitsa. Anamwino anati ndizilemba zonse zomwe apongozi anga akudya, ndiye ndalisandutsa la zimenezo. Koma masipuni awiri sadzaza mzere. Ndilembemo zanga zomwe, poti woti ndimuuze palibe.

Mwezi wakwana chiwagwirireni sitiroko Amayi aNambewe, m'munda wa mtedza kwawo ku Ntchisi. Dzanja lamanja ndi mwendo zinafa, pakamwa panakhota, mawu amatuluka olemera. Atatuluka m'chipatala cha ku boma pa 15 Epulo ndinawatengera kuno kunyumba ya pasukulu. Kuno kuchipatala n'kufupiko, komanso mwana wawo wamkazi, alamu anga Margareta, ali pakati pa kusankha fodya, nyumba yodzaza ana. Elisha, mwamuna wanga, ku Joni chaka chachinayi. Pafoni anati, "Uwasamale, ndikubwera." Mawu akale amenewo.

Malamulo a anamwino anali atatu, anandiuzira pakhonde la wodi. Zofewa zokhazokha, chifukwa kumeza kukuvuta. Mankhwala osadumpha. Mchere ayi, magazi akuthamanga kwambiri. Za mcherezo Amayi sindinawauze. Munthu wothira mchere ngakhale pa chimanga chootcha, ukamuuza zoterozo ndiye mwayambana. Ndinati sazindikira, lilime linafa mbali imodzi. Sabata yoyamba anadya bwinobwino. Yachiwiri theka. Yachitatu ndi zimenezi.

Lachiwiri, 7 Meyi

Dzira lofewa, ayi. Mbatatesi zophwanya ndi mkaka, ayi. Nthochi, kulumako kamodzi kochitira ulemu. Tiyi theka la kapu, womwera mankhwala.

Pa nthawi yopuma ndinathamangira kunyumba, choko chili m'manja. Ndinawapeza akuyang'ana kudenga. Sadandaula, sakalipa. Bola akanakalipa.

Za mchere anafunsapo kamodzi kokha, sabata yatha ija. Analawa msuzi, n'kuti, "Mchere?" Ine ndinati, "Sindingathire, Amayi, mundikhululukire." Anandiyang'ana kenaka n'kugwedeza mutu pang'onopang'ono ngati munthu amene wamva. Ndinasangalala kuti zatha popanda mkangano.

Mayi ameneyu ndi amene anandisambitsa mwana wanga atamwalira ali ndi masiku asanu ndi anayi. Anagona pansi pafupi ndi bedi langa mwezi wathunthu, kundidyetsa mokakamiza, kundinena kuti ndine wamakani ngati mbuzi ya mbusa. Zaka zisanu ndi ziwiri zapita, mwana wina sanabwere, koma sanandinenepo mawu oipa ngakhale amodzi. Lero ine ndikulephera kuwamwetsa phala. Zikundiwawa.

Lachinayi, 9 Meyi

Tsiku la nsomba. A Alexio, ogulitsa nsomba zowamba, amachokera ku Nkhotakota Lachinayi lililonse pa njinga yamoto, dengu kumbuyo, kudzera m'mapiri a Ntchisi. Munthu wonunkha utsi kuyambira chipewa mpaka nsapato. Akafika pamsewu amaliza hutala katatu. Chiyambireni matendawa ndinawapempha kuti azikhotera pakhomo, poti sindingasiye wodwala n'kumakadikira kumsika. Lero ndinati ndikufuna mlamba wonona, osati wouma gwa ngati nkhuni. Anafukula pansi pa dengu. "Uwu ndimasungira anthu a mtima wabwino, madamu," anatero. Ndinaseka. Kuseka koyamba sabata ino.

Nzeru yokonzera mlambawu ndakumbukira ya ku koleji. Mnzanga wa m'chipinda, Rakele, mayi ake ankaphika kumalo ogona alendo, ndipo ankakonza nsomba yosinja yopaka pa buledi, ya tizidutswa ting'onoting'ono. Amati amapatsa alendo chakudya chenicheni chisanabwere, kuti kukhosi kutseguke. Nthawi imeneyo ndinaseka, ndinati anthu olemera ali ndi mavuto, kudya chakudya choitanira chakudya. Lero ine ndi amene ndikufuna choitaniracho.

Ndilembe mmene ndachitira, mwina chigwira. Mlamba pa makala pang'ono, mbali zonse, kuti khungu lisendeke. Mutu padera, wa msuzi. Msana kuusolola wonse. Mnofu kuviika m'madzi ofunda, kenaka kunyenya ndi zala m'mbale yoyera, panja padzuwa kuti minga ioneke. Kupitamo katatu, chifukwa munga umodzi pakhosi pa Amayi ndiye maliro. Anyezi mmodzi kukazinga mpaka afewe, asapserere. Zonse m'kamtondo ka tsabola, chotsuka bwino, kusinja mpaka zisalale. Peyala lakupsa theka, kuti zitereke. Ndimu kufinyira m'malo mwa mchere. Buledi wofewa, wochotsa makoko.

Ndinalawa. Zoona, mchere sumasowa kwenikweni, utsi ndi ndimu zimabisa. Ndinadzitama ndekha kukhitchini.

Lachisanu, 10 Meyi

Dzulo sindinamalize, ana a kwaya anabwera kudzatenga makiyi.

Ndinawatengera tizidutswa tinayi pa sosala. Fungo lisanafike n'komwe mutu unali utatembenuka kale. Mphuno kugwedera, malovu kutsika mbali yokhota ija. Mlamba amaukonda, malemu apongozi aamuna ankawabweretsera wa mu Bua. Ndinati lero zatheka. Dzanja lamanzere linanyamuka, linafika pasosala penipeni. Kenaka anafunsa, "Wabweretsa ndani?" Ndinati a Alexio, a njinga yamoto aja. "Amene munaseka nawo aja?" Ndinati eya, omwewo. Dzanja linabwerera pansi pa bulangeti.

Ndinapempha, ndinagwada, ndinanena zoti mankhwala popanda chakudya amapweteka m'mimba. Anangoti, "Mwachita bwino, aNankhoma. Idyani inuyo." Amanditchula choncho nthawi zonse, dzina la mfunda wanga, sananditchulepo kuti Tabita.

Tizidutswa tinayi ndinadya ndekha nditaimirira kukhitchini, misozi ikugwera pabuledi. Pamenepo mchere unakwana.

Lamulungu, 12 Meyi

Amayi a Chigwirizano asanu anabwera titaweruka kutchalitchi. Nyimbo ziwiri, pemphero, ufa m'kabeseni. Amayi anatsatira nyimbo ndi milomo. Zaka makumi atatu ali m'Chigwirizano, bulauzi yoyera anabwera nayo m'chikwama, akuti ndi yodzawaveka tsiku lomaliza. Lero anandiuza kuti ndiisite. Ndinakana, ndinati makala atha. Bodza, thumba lili theka.

Mayi wina potuluka anandinong'oneza kuti wodwala amafuna mwana wake womubala, mpongozi ndi mlendo basi. Ndinati zikomo. Mumtima ndinati bwerani mudzachape zofunda mawa, muone ulendo wake.

Elisha ndamuimbira kawiri. Kachiwiri anayankha, phokoso kumbuyo, kamwana kakulira pafupi kwambiri. Akuti ndi ka aneba. Akuti ndiwagulire mayi zakumwa zozizira, amakonda. Mphindi ziwiri, foni inaduka.

Thobwa theka la kapu. China palibe.

Lachitatu, 15 Meyi

Kuchipatala. Ahedi anatipezera galimoto ya m'bale wawo yomwe imapita ku boma kukatenga mabelo a kaunjika. Msewu mabampu okhaokha, Amayi mutu uli paphewa panga, wopepuka ngati wa mwana.

Sikelo: 46. Potuluka mu wodi anali 52. Magazi atsika bwino, anamwino anandiyamikira pa zimenezo, koma ataona kope ili nkhope inasintha. Akuti pofika Lachisanu la sabata ya mawa, pa 24, ngati sakudya awagoneka ndi kuwaika paipi ya m'mphuno. Amayi anamva. Anati, "Paipi ayi." Anamwino anati ndiye idyani, agogo. Anangotseka maso.

Masiku asanu ndi anayi. Ndatumiza uthenga kwa alamu anga kuti fodya adikire, abwere.

Lachinayi, 16 Meyi

Hutala katatu. Milamba iwiri. A Alexio anafunsa za odwala, ndinati zikukanika. Anavula chipewa. Akuti akazi awo anawadwazika miyezi isanu ndi itatu asanamwalire, ndipo chimene chinkalowa ndi msuzi wa mutu wa mlamba basi. Anandionjezera mitu iwiri, anakana kuti ndilipire. Tinaima pampanda mwina mphindi khumi. Nditacheuka, nsalu ya pawindo la Amayi inali yopatuka pang'ono. Ndi dzanja limodzi lomwelo.

Ndakonzanso yopaka ija, lero ndi chiponde pang'ono m'malo mwa peyala, mwina peyala ndilo sakulifuna. Minga katatu, monga kale. Zala zikununkha utsi, ana m'kalasi akunong'onezana kuti madamu ayamba geni ya nsomba.

Sanayang'ane n'komwe. Msuzi wa mitu, masipuni atatu, kenaka basi.

Ndakwiya lero, ndivomere. Ndinatuluka ndi sosala n'kuiika patebulo mwamphamvu mpaka inang'aluka. Anamva. Ndinabwerera kukapepesa, iwo n'kuti, "Mwatopa nane. Sipatenga nthawi."

Loweruka, 18 Meyi

Alamu anga Margareta afika cha m'ma 10 pa kabaza, manja akuda ndi fodya, mapeyala m'thumba, nkhuku yamoyo kukhwapa. Analowa kwa mayi awo n'kutseka chitseko. Ola lathunthu. Ine panja ndi zochapa, ndikumva mawu olemera aja akuyenda osaima. Ndi ine salankhula choncho. Nsanje inandigwira, ndisaname.

Atatuluka anandikokera kuseri kwa khitchini. Ine ndi Margareta timaseka zilizonse, amanditcha mkazi wake, koma lero nkhope inali ina. Anati, "Mlamu, ine sindizungulira. Kodi ndi wansombayu?" Sindinamve. Anabwereza. Ndinati wansomba watani?

Mawu ake ndiwalembe momwe anawanenera. "Mayi akuti chibwerereni kuno simunathirepo mchere m'ndiwo. Masiku asanu oyamba anati muli kumwezi, palibe kanthu. Atakwana khumi anati kapena mwadwala. Atafunsa, inu munati simungathire, akukhululukireni. Nanga mkazi amene mwamuna wake ali ku Joni akaleka mchere mwezi wathunthu, n'kupepesa, ndiye kuti chiyani? Kenaka akuona bambo wa njinga pakhomo Lachinayi lililonse."

Ndinakhala pa mtondo. Mwambowo ndimaudziwa. Anamkungwi ananena pa chilangizo changa: mkazi akakhala kumwezi, kapena akayenda ndi mwamuna wina, dzanja lake ndi lotentha, asathire mchere m'ndiwo, angadule a m'nyumba. Wodwala ndiye sachedwa, amatupa, kutsokomola, n'kupita. Mdulo. Kwathu bambo anali mkulu wa mpingo, zoterezi ankati n'zachikunja, ndiye ine tsiku limenelo ndinangovomera ndi mutu, maganizo ali pa diresi la ukwati. Sizinandibwererepo n'kamodzi komwe. Mayi wa bulauzi yoyera, zaka makumi atatu! Ndinaiwala kuti bulauzi amavala Lachinayi ndi Lamulungu, koma ndiwo amadya tsiku lililonse.

Ndinathamangira m'nyumba, ndinatenga buku la kuchipatala, ndinamuonetsa pomwe analemba za mchere. Margareta anawerenga, anagwira pakamwa. "Iii, mlamu! Ndiye osanena bwanji?" Funso lomwelo ndikudzifunsa mpaka pano.

Koma sizinathere pomwepo. Ndinati, chabwino, akuganiza kuti ndachimwa, nanga osandikalipira bwanji, osamuuza mwana wawo bwanji? Margareta anayang'ana nkhuku yake. Anati, "Angamuuze chiyani? Elisha ali ndi mkazi kumeneko, ndi mwana woyenda kale. Mayi anadziwa mu Januwale. Tonse tinadziwa. Mchere utasowa anati basi, wamva, wabwezera, ndipo sanalakwe."

Kamwana ka aneba.

Nkhuku tinapha, tinaphika, sindinadye. Lero m'nyumba muno osadya tilipo awiri.

Lamulungu, 19 Meyi

Kutchalitchi sindinapite. Ndikanakaimba chiyani?

Januwale. Febuluwale ndinapita ku Ntchisi ndi shuga ndi sopo, tinakhala pa mphasa imodzi kusenda nyemba, ankadziwa. Marichi ndinawatumizira nsalu ya Pasaka, ankadziwa. Ndawasambitsa, ndawatawira, ndawatembenuza kuti asachite zilonda, akundiyang'ana m'maso, akudziwa. Ndipo ine ndi amene ndayesedwa wachiwerewere, chifukwa cha mchere. Mtima ukuwira. Ndinafuna kulongedza chikwama chawo, bulauzi pamwamba, kuti apite ndi mwana wawo wowabala, monga ananenera mayi uja.

Kenaka ndinalowa kukatenga kapu, ndinaona mkono uli panja pa bulangeti. Fupa ndi khungu. Chibangili chomwe chinkathina chafika pa chigongono. Mkwiyo sunathe, koma unakhala pansi.

Margareta anawafotokozera za anamwino, anawaonetsa buku. Kuwerenga sadziwa. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kuti, "Musamuvutitse mwanayu. Zachipatalazo mwapangana panja. Zikanakhala zoona akananena tsiku loyamba." Ine ndili pakhomo, ndikumva. Ndinalowa, ndinagwada, ndinalumbira kutchula Mulungu. Anandisisita mutu ndi dzanja lamanzere, n'kuti, "Musalumbire, aNankhoma, musaonjezere." Phala anakana.

Alamu abwerera mawa m'mawa, fodya akuwadikira ku msika Lachitatu. Polongedza thumba anati, "Mawu sawamva amenewa. Mukudziwa chimene angamve." Ndikudziwa.

Lachiwiri, 21 Meyi

Dzulo sindinalembe. Tiyi, thobwa, basi. Polankhula mawu sakumvekanso bwino.

Lero nditaweruka ndinasiya mkazi wa ahedi pakhomo, ndinakwera kabaza mpaka ku boma. Anamwino aja ndinawapeza akutuluka. Ndinafotokoza zonse ndikuyang'ana pansi, ndikudikira kusekedwa, mphunzitsi wathunthu kudzafunsa za mdulo. Sanaseke. Akuti kwawo n'kwa Dzoole, agogo awo ndi omwewo. Anati, "Kamchere kotsina ndi zala ziwiri, kamodzi, sikangawaphe. Njala ndiyo ikuwapha. Koma mawa lake mubwerere ku lamulo." Anaonjeza kuti tsiku lina ndikamva zachipatala ndizimuuza mwini thupi.

Pobwerera, pa chitunda paja pomwe kabaza amatsitsa anthu kuti ayende pansi, chinthu chinandigwira. Amayi akaona ndikuthira mchere ndi dzanja langa akhulupirira, chifukwa akudziwa kuti sindingawadule dala. Koma dzanja langalo ndi lozizira zoona? Mwamuna sindinayende naye, Mulungu akudziwa, zaka zinayi. Koma m'kope muno sindinama. Lachitatu madzulo ndimachapa nsalu yanga yabuluu, yotchenera, kuti ndivale mawa lake. Lachinayi khutu limakhala kumsewu kuyambira 2 koloko. A Alexio atavula chipewa chifukwa cha chisoni changa, ndinapita nazo kukagona. Amayi pawindo paja sanaone zabodza zokhazokha.

Kodi kuganiza chabe kumatenthetsa dzanja? Ine amene sindikhulupirira za mdulo, mwana wa mkulu wa mpingo, ndayenda chitunda chonse ndikuyang'ana chikhatho changa. Anamkungwi aja anamwalira, woti ndimufunse palibe.

Foni ya Elisha yalira kawiri. Margareta wamuuza ndithu. Sindinayankhe.

Masiku atatu.

Lachitatu, 22 Meyi

A Sitandade 8 ayamba mayeso, ife a makalasi aang'ono tapuma. Pasukulu zii, kungomveka belu ndi nsapato za oyang'anira.

Cha m'ma 10, dzuwa litafunda, ndinayala mphasa pakhonde. Ndinawanyamula ndekha, sakulemeranso. Pilo kumsana, bulangeti m'miyendo. Anafunsa kuti tikupita kuti. Ndinati palibe, ndikufuna mundionerere ntchito, mwina ndimalakwitsa.

Mbaula, kamtondo, mbale yoyera, zonse ndinabweretsa pamaso pawo. Mlamba wotsala wa Lachinayi lapita, ndinauwambanso Lolemba kuti usachite nkhungu. Pa makala, mbali zonse. Khungu, mutu, msana. Ponyenya anayamba kuyang'ana. Nditapitamo kachiwiri anati, "Apo." Munga woonda ngati tsitsi, ine sindinauone. Maso alipo ndithu. Ndinawasendezera mbale, tinapitamo kachitatu tonse, ine ndi zala, iwo ndi maso. Anyezi. Kusinja. Peyala la kwawo, lomwe anabweretsa Margareta, la mumtengo wa kuseri kwa khola. Analizindikira ndi khungu lake. Ndimu.

Kenaka ndinalowa m'nyumba n'kutuluka ndi botolo la mchere, lomwe ndinabisa pamwamba pa kabati tsiku lomwe anabwera. Ndinakhala moyang'anana nawo. Ndinatsegula. Ndinathira pang'ono pachikhatho chamanzere kuti auone kuti ndi mchere. Anati, "ANankhoma." Ndinati, "Amayi, onani." Ndinatsina ndi zala ziwiri, ndinawaza m'kamtondo, ndinatakasa. Kuseri kwa makalasi wina analiza belu.

Ndinapaka pa kachidutswa kamodzi, ndinaika pasosala yong'aluka ija. Sindinawapatse m'manja, ndinangoika pabulangeti. Anayang'ana buledi, anayang'ana ine. Ndinaganiza za nsalu yabuluu, koma maso sindinabweze.

Anatola. Analuma. Kutafuna kwa mbali imodzi, pang'onopang'ono, ine ndikudikira kumeza. Zinatsika. Analumanso. Kachiwiri anapaka okha ndi chala, sipuni anaikana. Tizidutswa titatu ndi theka, tiyi kapu yathunthu. Pomaliza anati ndimu ndachulutsa.

Ndinalira ngati pamaliro, mpaka woyang'anira mayeso anasuzumira pampanda.

Nditatonthola ndinafunsa chimene chakhala chikundidya. Ndinati, Amayi, chakudya chopanda mchere sichidula munthu, ngakhale pa mwambo womwewo. Ngati munkaganiza kuti ndine wotentha, ndiwo zangazo zinali zabwinobwino. Nanga munalekeranji kudya?

Anayankha mawu amodziamodzi, ena ndinachita kuwabwereza kuti nditsimikize. "Sindinkaopa kudulidwa. Ndinati mwanayu wapeza pogwira, ndipo ndi wabwino, akuopa kundipweteka. Koma sangachoke ine ndili pamphasa pake. Mwana palibe womumanga, mwamuna palibe, chomumanga ndine. Ndiye ndinati ndifulumire."

Ndinati mukanandifunsa. Anati, "Inunso mukanandiuza." Zoona. Mwezi wathunthu m'nyumba imodzi, aliyense akusamala mnzake mobisa, mpaka wina kutsala pang'ono kufa.

Za Elisha ananena okha, ine sindinayambitse. Akuti manyazi ndiwo anawatseka pakamwa, mwana anabala iwo. Ndinati nkhani imeneyo sindinaikhululuke, ya iye ngakhale ya iwo, ndipo sindikudziwa kuti ndidzatero liti. Anavomera ndi mutu. Ndinawauzanso kuti mchere wa lerowu ndi womaliza, anamwino alola kamodzi kokha, mawa tibwerera ku ndimu. Ndinanena momveka, kawiri, ndikuwayang'ana.

Anagwira dzanja langa, lomwe lathira mchere lija, analitembenuza, analiika patsaya lawo lakufa. "Tabita," anatero, koyamba chikwatiwire. "Mwana wanga wakulakwira. Tsiku limene udzalekedi mchere pa chifukwa chinacho, usadzapepese. Ndidzadya."

Ndinatola kamtondo kukatsuka.

Lachinayi, 23 Meyi

M'mawa phala mbale yathunthu kupatula masipuni awiri. Mapazi sanatupe, chifuwa palibe. Ndinayang'ana, ndisaname, kawiri konse.

Cha m'ma 10 yopaka ija, yatsopano, ya kachidutswa komaliza ka mlamba. Mchere ayi, botolo labwerera pakabati iwo akuona. Ndimu pang'ono. Tizidutswa tisanu. Sanafunse kanthu. Masana mbatatesi zophwanya ndi msuzi wa mutu, anamaliza. Rakele ankanena zoona, kukhosi kumatsegukadi. Mawa kuchipatala tipita ndi kope lodzaza mzere. Bulauzi akuti ndiibweze m'chikwama, ingade ndi fumbi.

Elisha watumiza uthenga wautali. Ndawerenga mzere woyamba, wayamba ndi "Usamvere za anthu." Ndidzamuyankha ndikadzafuna.

Nsalu yabuluu sindinachape dzulo, dala. Ndavala yakale ya m'khitchini, yopsa m'mphepete. Amayi ali pakhonde, akuwotha dzuwa, andiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kuti nsalu imeneyo ndi yopitira kudimba.

2 koloko yadutsa. Nsomba yatha m'nyumba, zimenezo n'zoona, ndipo mawa afunanso. Hutala kumsewu. Kamodzi, kawiri. Ine ndakhala pano ndi cholembera, sindikudzuka. Amayi akuitana, akuti, "Pita, angapitirire. Usankhe wonona." Kachitatu. Ndangoti ndimalize mzere uno kaye, kenaka...